Miyezi 10 ndikudzibaya jakisoni wochepetsa thupi: mmene ndayendera ndi kiliniki ya anesi kuno ku Leeds, ku UK

Chibwerereni kumudzi mu Disembala foni yanga siikupuma. Wina akufunsa kuti mayi thupi lija mwalisiya kuti, wina akufunsa monong'ona ngati ndikudwala, ena nde sakuzungulira akungoti tipatseni nambala ya amene akukubayaniyo. Nde ndati bola ndilembe kamodzi, zabwino ndi zoipa zomwe, aliyense awerenge yekha. Dzina la kiliniki sinditchula chifukwa sindikutsatsa malonda a munthu, komanso pali pena pomwe anandikhumudwitsa ndipo ndikufuna ndinene momasuka.

Ndili ndi zaka 44, ana 3, ndimagwira ntchito ya care, yosamalira odwala, ma naiti okhaokha kwa zaka zambiri. Kutalika ndine 160 cm basi, koma mu Malichi 2025 sikelo inkawerenga makilo 98. Amene mumagwira ma naiti mukudziwa mmene zimakhalira, 3 koloko m'mawa tulo takupana nde umangoti tiyi wa shuga ndi mabisiketi, ukafika kunyumba 8 koloko uphike kansima kuti ugone bwino, kudzuka madzulo kudyanso ndi ana. Maondo anayamba kulira, masitepe a kuntchito ndikafika pamwamba ndili wefuwefu, mankhwala a BP ndinali nditayamba kale mu 2022. Chomwe chinandiopsa ndi magazi. Atandiyeza HbA1c, muyezo wa shuga m'magazi, inatuluka 45, ndipo kuno 42 mpaka 47 amati uli pakhomo pa shuga, 48 walowa. Mayi anga kumudzi ali ndi shuga, ndaona ndi maso anga mmene chilonda cha pachala chimakanira kupola, nde tsiku limenelo ndinalira mu basi.

Vuto lathu ife kunenepa sitikuwerenga ngati matenda. Ndikatumiza chithunzi kumudzi onse amati eee kunja kwakuyanjani, abambo akukusamalani bwino. Palibe ndi mmodzi yemwe anandiuzapo kuti achemwali samalani, ndipo nanenso ndinkamva kukoma.

Kwa GP, dokotala wa m'dera lathu, anandilandira bwino koma anandifotokozera kuti jakisoniyu pa NHS, zipatala za boma za kuno, sangopereka. Ngakhale pamene anayamba kupereka jakisoni wotchedwa Mounjaro kudzera kwa ma GP mu Juni 2025, anayambira anthu odwala kwambiri, a BMI (muyezo wa kulemera poyerekeza ndi msinkhu) ya 40 kupita m'mwamba amene alinso ndi matenda 4 mwa 5 awa: shuga, BP, matenda a mtima, mafuta ochuluka m'magazi ndi vuto lobanika kutulo lija. Kwa ife akuda malirewo amatsitsa ndi 2.5, nde imakhala 37.5. Ine BMI inali 38, pamenepo ndinakwana, koma matenda ndinali ndi BP yokha. Ndikumvetsa ndithu, anthu ndi ambiri ndipo alipo ovutika kuposa ine. Nde kunatsala kulipira ndekha.

Apa ndiulule chinthu chimodzi chifukwa ndikudziwa ambiri muli pomwe ndinali ine. Ndinatsala pang'ono kugula kwa mayi wina woluka tsitsi amene amagulitsa mapeni odzibayira jakisoniyu pa WhatsApp, mtengo wake theka, palibe mafunso, ungotumiza ndalama mawa lake wakubweretsera mu kachikwama. Amene anandiletsa ndi nesi wa kuntchito kwathu. Anandikhazika pansi mu ofesi nkundiuza kuti mu 2023 a MHRA, bungwe loona za mankhwala kuno, anachenjeza za mapeni abodza olembedwa Ozempic, dzina la jakisoni wa anthu a shuga, ena mwa iwo munali insulin ndipo anthu anagonekedwa m'chipatala shuga atatsikiratu. Munthu wopanda shuga kudzibaya insulin ukhoza kukomoka osadzukanso. Anati ukafuna pita komwe akakuyeze ndi maso, ndipo dzina la nesi wa kumeneko ukalione pa intaneti pa mndandanda wa NMC, bungwe lolembetsa anesi kuno, ndi zaulere, pharmacy nayo ikhale yolembetsedwa ku GPhC, bungwe loyang'anira ma pharmacy. Ndinachita zomwezo ndili pa breki.

Malo amene ndinapeza ndi pharmacy wamba ya m'dera lathu, kumbuyo kuli kachipinda komwe nesi amaonera anthu masiku 3 pa sabata. Si nesi aliyense amene amalemba mankhwala, awa anaphunzira kosi yapadera yowaloleza kulemba okha popanda dokotala. Tsiku loyamba ndinkayesa ndingolowa nkutuluka ndi peni, koma ndinakhalamo pafupifupi mphindi 45. Anandikweza pa sikelo okha, kundiyeza msinkhu, BP mikono yonse, kenako tepi m'chiuno. Inakwana 108 cm. Anandiuza kuti chiuno chisamapitirire theka la msinkhu wako, nde ine wa 160 ndimayenera kukhala pansi pa 80, ndipo anati kwa ife anthu akuda shuga amatigwira tisananenepe kwambiri ngati azungu, nchifukwa chake kwa ife BMI ya 27.5 amaiwerenga kale kuti ndi kunenepa kwa matenda. Zimenezi ndinali ndisanamvepo chikhalire ndikugwira ntchito yosamalira odwala.

Mafunso nde anali ambiri. Munadwalapo pancreatitis, matenda otupa kapamba? Miyala ya mu ndulu? Alipo kwanu anadwala khansa ya chithokomiro? Munayamba mwadzisanzitsapo dala mukadya, kapena kudzimana chakudya masiku? Muli ndi mimba, mukuyamwitsa, mukufuna mwana wina? Funso la kulera ndinaseka ndikuti a sisita pa msinkhu wanga uno, iwo sanaseke. Anati mankhwalawa saloledwa pa mimba, ndipo Mounjaro amatha kufooketsa mapiritsi akulera akumwa chifukwa amachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba, nde amene ali pa mapiritsi agwiritsenso kondomu masabata 4 oyambirira komanso masabata 4 nthawi iliyonse dozi ikakwera, apo ayi asinthe njira akhale pa lupu kapena ya pamkono. Amayi anzanga achichepere apa mumve bwino, chifukwa thupi likamatsika ena amene mimba inkawavuta imabwera mosayembekezera. Wofuna mwana amayenera kusiya kaye, mwezi umodzi ngati ali pa Mounjaro, miyezi 2 ngati ali pa Wegovy. Wa pa WhatsApp uja akanandiuza zimenezi? Pomaliza anapempha chilolezo choti alembere GP wanga kalata, ndipo anati ndikakana iwonso sandipatsa mankhwala. Pamenepo mpamene ndinawakhulupirira.

Anandiyalira mitundu 3. Orlistat ndi mapiritsi akale aja, amatchinga mafuta ena a m'chakudya kuti asalowe m'thupi nde amatuluka ndi chimbudzi, ndipo ndi kaphikidwe kathu ka kukazinga chilichonse anandiuza poyera kuti pa naiti shifiti ndidzavutika. Wegovy mankhwala ake ndi semaglutide, omwewo ali mu Ozempic wa anthu a shuga, amapanga a Novo Nordisk a ku Denmark. Mounjaro ndi tirzepatide wa a Eli Lilly a ku America. Awiri omalizawa ndi jakisoni kamodzi pa sabata, amatsanzira timadzi tomwe matumbo amatulutsa ukadya touza ubongo kuti wakhuta, Wegovy amatsanzira kamodzi kotchedwa GLP-1, Mounjaro tiwiri, GLP-1 ndi GIP. Anati pa kafukufuku wamkulu anthu a pa Wegovy anatsika pafupifupi 15 peresenti ya thupi lawo pa masabata 68, a pa Mounjaro dozi yapamwamba pafupifupi 21 peresenti pa masabata 72, koma nkuwonjezera kuti anthu amenewo ankathandizidwanso pa kadyedwe ndi kuyenda, ndipo alipo ena amene satsika kwenikweni. Ndinasankha Mounjaro.

Kudzibaya ndinkaopa ngakhale ndimaona masingano tsiku ndi tsiku kuntchito. Anandipatsa peni yophunzirira kaye, kenako yeniyeniyo ndinadzibaya pamaso pawo, pamimba chapambali pa mchombo. Kasingano kake nkakang'ono, kuluma kwa udzudzu kumaposa. Peni imodzi muli madozi 4, ya mwezi, singano yatsopano nthawi iliyonse, malo kumasinthasintha, sabata ino pamimba yamawa pantchafu. Ukamaliza madozi 4 mumatsala timadzi pang'ono ndipo pa TikTok anthu amaphunzitsana kutikoka ndi sirinji akuti dozi yachisanu. A sisita anandichenjezeratu ndisanafunse nkomwe, anati timenetoto sungadziwe muyezo wake, taya peniyo.

Ndinayamba ndi 2.5 mg. Tsiku lachitatu ndili pa naiti, mabisiketi ali pa tebulo pomwe amakhala, ndinangozindikira 5 koloko yakwana sindinawakhudze ndipo sindinawaganizire nkomwe. Nkhuli ija inangozima ngati wathira madzi pamoto. Amene simunavutikepo ndi thupi simungamvetse, koma ine chikhalire m'mutu mwanga munkangoyenda zakudya, ndikudya nkhomaliro ndikuganiza kale za madzulo, ndipo ndinkadziona ngati munthu wopanda mwambo, wadyera. Kuona kuti kajakisoni kakhoza kuzimitsa zimenezo kunandionetsa kuti silinali khalidwe loipa chabe, m'thupimu munali china chake chomwe chinkandikoka. Ndinawauza a sisita ndikugwetsa misozi, anangondigwira dzanja nkuti ambiri amanena zomwezo.

Koma musamve ngati ndi zokoma zokhazokha ayi. Nseru inalipo makamaka tsiku lotsatira jakisoni, kudzimbidwa mpaka masiku 4, chilungulira, ndi kugeya konunkha ngati mazira oola kochititsa manyazi ukamasamalira munthu pafupi. Choopsa chinachitika nditangokwera pa 5 mg. Kunali chinkhoswe cha mwana wa mnzathu ku Bradford, Amalawi tinadzaza holo, mbale yanga anandiikira okha, nyama yootcha, tchipisi, nkhuku yokazinga, mandasi pambali, nde ukakana amati mwayamba matama. Ndinadya. Usiku wonse ndinasanza mpaka kutuluka zowawa zokhazokha, m'mawa miyendo ili zii. Linali Lamulungu, foni ya kiliniki inangolira osayankhidwa, uthenga wonena kuti tiyimbire kuti panalibe. Ndinachita kuyimba 111, nambala ya NHS yofunsira thandizo mwachangu. Apa pokha sindinawakhululukire mpaka pano, munthu ukupereka mankhwala amphamvu chonchi uyenera kusiya njira yoti odwala ako akupeze kapena uwalembere papepala kuti zikavuta kumapeto a sabata apite kuti.

Lolemba m'mawa a sisita anandiyimbira okha ataona ma missed call, ndipo anapepesa. Funso lawo loyamba linali lakuti m'mimba mukupweteka kwambiri osaleka, ululu wake ukufika kumsana? Ndinati ayi. Anati ululu wotero ukadzabwera usadikire foni yanga, siya jakisoni pita ku A&E, kuchipatala komwe amalandira odwala mwadzidzidzi, ikhoza kukhala pancreatitis, ndipo ukamva kupweteka kumanja pansi pa nthiti kapena maso achita chikasu ndi ndulu imeneyo, thupi likamatsika msanga miyala imapangika. Anandifunsa ngati ndikukodza bwino chifukwa kusanza kwambiri kumaumitsa thupi nkuvulaza impso, anandiuza ndizimwa madzi a mchere ndi shuga aja pang'onopang'ono. Kenako anati dozi sitikweza mwezi wamawa. Ndinakhala pa 5 mg miyezi 3, ndipo chifikireni pa 7.5 mg sindinasunthe ngakhale madozi amafika mpaka 15. Iwo mawu awo ndi akuti ngati sikelo ikutsika ndipo ukudya bwino palibe chothamangira. Ndikaganiza kuti dozi ikakwera mtengonso umakwera, ndimaona kuti mayiyu sanali pa ndalama.

Chomwe ndinachita nacho mwayi nchakuti nesiyu ndi wa ku Zimbabwe. Kapepala ka zakudya komwe kiliniki imapereka nkachizungu kokhakokha, pasta wabulauni, tchizi, masaladi a mayina ovuta, ndinangokapinda nkuika mu bagi. Iwo anaona nkuti tiye tikambe za sadza. Mumadya mitanda ingati? Ndinati 3, pena 4 ndiwo zikakhala za nyama. Sanandiuze kuti siyani nsima, akanatero sindikanabwereranso. Anati mtanda umodzi waung'ono, ufa ukhale mgaiwa ukapezeka, ndipo uziyamba kudya ndiwo nsima pambuyo, chifukwa m'mimba malo achepa nde ukadzaza ndi nsima thupi lisowa zomangira. Anandifotokozera kuti pa mankhwalawa sumangotaya mafuta, minofu nayo imapita ngati sukudya zomanga thupi komanso osagwiritsa ntchito mphamvu. Nde mbale yanga pano ndi nyemba, mazira owiritsa, kapenta wa mu shopu ya Afirika pomwe usipa wa kwathu watha, nkhuku yowiritsa kapena ya mu uvuni, masamba otendera koma nsinjiro zapang'ono, therere. Mafuta ophikira botolo lomwe linkatha masabata 2 pano likutha mwezi ndi theka. Anandipatsanso timalamba tokoka tija kuti ndizilimbitsa manja ndi miyendo kunyumba, ndipo ndikaweruka m'mawa ndimatsika basi masitopu 2 ndisanafike nkuyenda wapansi. Tsitsi linathothoka ndithu mwezi wa 4 ndi wa 5, m'mbalimu munayera, anati zimachitika thupi likatsika msanga ndipo limabwerera. Layamba kumera.

Nkhani ya BP ndi imene ndikufuna aliyense wogula pa intaneti popanda womuona aimve. Nditataya makilo 11 ndinayamba kumva chizungulire ndikadzuka pampando, tsiku lina ndinachita kugwira khoma ndili ndi agogo ena ku bafa. Ine ndinkati ndi tulo ta ma naiti. Pa sikelo ya mwezi umenewo a sisita anandiyeza BP nditakhala, kenako nditaimirira, nkupeza kuti ikutsika kwambiri. Mankhwala omwe ankandikwana ndili 98 anali atandikulira. Sanandiuze kuti ndisiye ndekha, analembera GP tsiku lomwelo ndipo sabata yomweyo amlodipine wanga wa BP anamutsitsa kuchoka pa 10 mg kufika pa 5 mg. Ndikanakhala kuti peni imangobwera pa positi, ndani akanaona? Mwina ndikanagwa ndi munthu wa eni ake m'manja.

Tsopano za ndalama, apa mpowawa. Ndinkalipira cha m'ma £150 pamwezi poyamba. Mu Ogasiti 2025 kampani yopanga inalengeza kuti kuyambira 1 Sepitembala mitengo ikwera kuno ku UK, dozi yapamwamba pa mndandanda wawo inachoka pa £122 kufika £330. Nkhaniyo inali pa nyuzi paliponse koma kiliniki yathu sinatiuze kalikonse, palibe meseji, palibe foni, ndinangomva pa kauntala ndikulipira kuti pano ndi mopitirira £200. Masingano ndi kabini kachikasu kotayamo anandilipiritsa padera tsiku loyamba osandiuziratu. Ndipo mwezi womwe a sisita anali pa tchuthi anabwera wina wogwirizira, mphindi 5 sizinakwane, sikelo, osayeza BP, osafunsa kuti mukudya bwanji, nkuyamba kulemba 10 mg. Ndinachita kukana ndekha kuti a sisita anati tikhale pomwepa. Nde muone, kiliniki yomweyo, chipinda chomwecho, mankhwala omwewo, koma munthu wokhala pampandoyo akasintha zonse zasintha.

Ndalama imeneyi imandilasa mtima mwezi ulionse, sindinama. Ndi ya fizi ya mwana wa achimwene, ndi feteleza wa mayi. Mu Novembala nthawi yogula feteleza ndinakhala pa bedi ndi foni m'manja ndikuwerengera, peni kapena matumba. Ndinatenga mashifiti owonjezera 3 kuti zonse zitheke. Abambo akunyumba ndi amene anandilimbitsa mtima, anati mayi mukadwala shuga nkuleka ntchito nde kumudziko adzatumiza ndani. Koma ndikudziwa kuti si aliyense angakwanitse ndipo musalowe ngongole ya katapira chifukwa cha jakisoni, poti si chinthu cha mwezi umodzi.

Pamenepa mpamene ndikuwadandaulanso a sisita ngakhale ndimawakonda. Za kusiya sanayambitse okha, ndinachita kufunsa ine mwezi wa 6 kuti kodi zimenezi nzamuyaya? Apo nde anandiuza zoona, kuti pa kafukufuku wa semaglutide anthu atasiya, pa chaka chimodzi anabwezera pafupifupi magawo 2 mwa 3 a makilo omwe anataya, ndipo a tirzepatide nawonso ambiri amabwerera akasiya. Anati kunenepa kuli ngati BP, ukasiya mankhwala vuto limadzukanso. Mawu amenewa amayenera kunenedwa tsiku loyamba munthu asanatulutse khobidi, kuti uziyamba ukudziwa kuti ulendo wake ngwautali bwanji.

Ulendo wa kumudzi anandikonzekeretsa bwino. Anandilembera kalata ya pa eyapoti, peni anati ikhale mu chikwama cha m'manja osati chopita pansi pa ndege chifukwa ikaundana ndi kuzizira yatha ntchito. Imasungidwa mu fuliji, koma ikhoza kukhala kunja mpaka masiku 30 bola kutentha kusapitirire madigiri 30. Ndi kutentha kwa Disembala kwathu komanso magetsi ongothimathima ndinagula kachikwama kozizira, ndipo kumudzi komwe kulibe fuliji ndinkaika pansi pafupi ndi mtsuko wa madzi m'chipinda cha mayi. Masingano ogwiritsa kale ndinabwera nawo kuno mu kabini kake, sindikanataya kudzala komwe ana amasewera.

Koma chomwe sindinakonzekere ndi nkhope ya mayi anga nditatsika galimoto. Anandikumbatira, kundigwiragwira m'mapewa, osanena kanthu. Usiku anthu atabalalika anandiitanira kuchipinda nkutseka chitseko. Anati mwana wanga, ine ndine mayi ako, usandibisire, unakayezetsa? Mankhwala alipo masiku ano anthu akukhala, usachite manyazi. Ndinamva chisoni chachikulu chifukwa mayiwa anaika m'manda achimwene awo 2 ndi mwana wawo woyamba m'zaka za m'ma 1990, onse anayamba ndi kuonda, nde kwa iwo munthu akatsika thupi ndi maliro akubwera. Ndinatulutsa peni, ndinatulutsa foni nkuwaonetsa zotsatira za magazi, ndinati amayi shuga amene akukuvutitsaniyu anali atafika pakhomo panga, onani pano wabwerera, inali 45 pano ndi 39. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati nde uzidyabe, usathe. M'mawa mwake anandiphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro nkukhala pambali mpaka nditamaliza kambale.

Ena m'mudzi ndikudziwa analankhula, ndipo kuno ku tchalitchi alipo amene amandiyang'ana mwachifundo. Nchifukwa china ndalemba izi, kuti mnzanga amene adokotala amuuza kuti atsike asaope pakamwa pa anthu mpaka kudzadulidwa mwendo.

Azakhali anga nde anandigwira mwendo kuti ndiwasiyire peni, akuti ungondibayako kamodzi ndione. Ndinakana ndipo anakwiya mpaka tsiku lonyamuka. Iwo ali pa mapiritsi a shuga a glibenclamide, ndipo a sisita anandiuza kale kuti munthu wa pa mapiritsi a mtundu umenewo kapena insulin akaphatikiza ndi jakisoniyu popanda womusinthira muyezo shuga akhoza kutsikiratu. Komanso peni sabwerekana ngakhale usinthe singano, ndi ya munthu mmodzi. Mu tauni ndinaona ma tiyi ochepetsa mimba ali mbwee, ena akutsatsa majakisoni pa Facebook akuti achokera ku Joni kapena ku Dubai. Abale anga a ku Malawi, chinthu chofunika fuliji chayenda bwanji mpaka kufika m'manja mwanu, wachisunga ndani, muli chani mkatimo? Ngati mwaganiza zoyamba pitani kwa dokotala akuyezeni shuga, BP ndi impso, mugule ku pharmacy yovomerezeka ndi a PMRA, bungwe loona za mankhwala ku Malawi, ndipo pakhale nesi kapena dokotala woti muzikamuona mwezi ndi mwezi.

Lero ndili pa makilo 81, chiuno 92 cm, sindinafike pomwe tepi imafuna koma masitepe a kuntchito ndimakwera ndikuyankhula. Maondo asiya kundidzutsa usiku. Mukandifunsa nyenyezi, a sisita ndiwapatsa 5 ndingochotsapo kachidutswa chifukwa chochedwa kundiuza za kusiya. Kiliniki payokha 3, chifukwa cha foni ya Lamulungu ija, mitengo yobisa ndi wogwirizira wothamanga uja. Mukamasankha malo funsani musanalipire: adzandiyeza ndani ndipo ndi yemweyo mwezi ulionse? BP amayeza? Amalembera GP? Ndikadwala Loweruka usiku ndiyimbire ndani? Mtengo wonse ndi masingano omwe ndi zingati, ndipo dozi ikakwera udzafika pati? Akayamba kuzemba mafunso amenewa tulukani.

Sabata yamawa Lachinayi ndili ndi sikelo ina. Tagwirizana kuti ndikafika 78 tiyesa kutsika kubwerera pa 5 mg tione ngati nkhuli idzuke, ndipo magazi tidzayezanso pakatha miyezi 3. Ndikuopa ndithu, makamaka ma naiti a nthawi yozizira ino pomwe tiyi amakoma. Mabisiketi a kuntchito ndinapempha anzanga kuti tiziika mu kabati osati pa tebulo, avomera, ndipo mu bagi mwanga pano mumakhala mazira 2 owiritsa ndi kabotolo ka mtedza wokazinga omwe mayi anandipakira.